Mwana wanga akufuna ukochi wa ma pitcher ku koleji, ndimulole kapena ndilimbe mtima ndimukanize?

Membala wobisa dzina:
Admin chonde ndibiseni dzina, pagulu pano pali azilamu anga ndipo nkhaniyi sinawafike.

Ndine mayi, ndimakhala ku Indiana kuno ku America. Mwana wanga woyamba wamaliza digiri chaka chino. Iyeyu chibadwire ndi baseball basi, ku koleji anali pitcher, uja amaima pakachulu pakati pa bwalo nkumaponyera womenya mpira. Koleji yake ndi yaing'ono ya Division II, osati ma timu aja mumawaona pa ESPN. Chaka chachitatu mtsempha wa pachigongono unaduka, anamupanga opaleshoni ija amati Tommy John, anatha chaka ndi miyezi osaponya pa gemu ndipo atabwerera liwiro silinafikenso pakale. Draft, ija ma timu a ligi yaikulu amasankhira osewera atsopano, yadutsa dzina lake osatuluka. Mwini wake akuti sizodabwitsa poti kuyambira 2021 ma raundi anatsika kuchoka pa 40 kufika 20, ndiye ngakhale anyamata a mkono wabwinobwino akumatsala.

Tsopano njira zili ziwiri. Kampani ina yonyamula katundu yamupatsa ntchito ya mu ofesi, malipiro abwino, inshuwalansi ya chipatala ilipo. Kwinaku kochi wake wakale wamupezera malo ku koleji ina yaing'ono ku state ina kuti akakhale graduate assistant, kochi wothandizira amene akuphunziranso pa sukulupo, woyang'anira ma pitcher, amulipirira masters koma ya m'manja ndi yoti akalipira lendi ndi mafuta a galimoto basi yatha. Komanso ali ndi ngongole ya sukulu chifukwa ku baseball scholarship yathunthu ndi yosowa, ana amachita kugawana pang'onopang'ono.

Ndikangoyamba kulankhula amanditchulira kochi wina wa ma pitcher, Chris Fetter, mpaka mbiri ya munthuyo ndaiiloweza ine. Ndi wa konkuno ku Carmel, anaponyera University of Michigan, a San Diego Padres anamutenga mu draft ya 2009 raundi ya 9 koma ku ligi yaikulu sanafikeko, anathera mma ligi ang'onoang'ono. Kenako anayamba ukochi, 2016 anali kochi wa ma pitcher pa Ball State ku Muncie, chaka chotsatira ali ndi a Dodgers, kenako anabwerera ku Michigan komwe mu 2019 anafika mu fainolo ya chikho cha ma koleji, College World Series, ku Omaha nkugonja kwa Vanderbilt. Kumapeto kwa 2020 a Detroit Tigers a mu ligi yaikulu anamutenga, ndipo Tarik Skubal uja anawina Cy Young, mphotho ya pitcher wopambana mu ligi, mu 2024 ali m'manja mwake. Mwana wanga akamanena zimenezi maso amachita kuwala. Ine ndikamamva ndimangowerenga kusamuka kwake, chaka chino uku chamawa uko, komanso kuti munthuyo anali ndi Michigan ndi draft kumbuyo kwake. Wangayu ali ndi chipsera pachigongono ndi kochi mmodzi yemwe amamukonda.

Bambo ake akuti asiye zamasewera agwire ntchito. Ine mtima uli pawiri chifukwa ndimamuona usiku ali pa laptop kubwezabweza kanema wa mnyamata mmodzi yemweyo, kuimitsa pamene phazi lakutsogolo lagunda pansi nkumayang'ana pomwe mkono uli. Alipo pano amene amazidziwa za ukochi wa ku koleji? Munthu amadya nazo kapena tikumuponya m'dzenje?

Malume a ku Texas:
Mayi, mwana amvere bambo ake. Tinabwera kuno kudzavutika ma shift awiriawiri kuti ana akhale mu ofesi, osati azikagona mma basi ndi ana a eni. Ukochi akhoza kumapanga Loweruka ku Little League, ligi ya ana.

Achemwali a ku Ohio:
Malume inu ukochi wa Loweruka ndi wa ku koleji ndi zinthu ziwiri zosiyana kkkk. Amuna anga ndi kochi wothandizira pa koleji ina yaing'ono ndiye ndikuuzeni zomwe ndimaona. Magemu ndi February mpaka May kapena June mukapita patali, koma ntchito sithera pamenepo. Chilimwe chonse ali pamsewu kukaona ana a high school mma tournament, kufunafuna oti awakope, kenako ma camp omwe nthawi zambiri ndi amene amathandizira thumba la ma assistant. Masiku wamba ndi ma bullpen (practice ya ma pitcher), kulemba pulogalamu yoti uyu aponya mipira ingati lero uyu apume, kuyang'anira ovulala, ndipo pa gemu nthawi zambiri ndi kochi wa ma pitcher amasankha kuti pitcher aponye fastball (mpira waliwiro) kapena slider (wokhota). Choopsa chenicheni ndi ichi, head coach akachotsedwa ma assistant onse amanyamula zikwama ngakhale ma pitcher awo amachita bwino. Ife zinatichitikirapo ndili ndi pakati.

Membala wobisa dzina:
Eish achemwali, ndiye mukundiopsezatu. Inuyo mukanakhala ine?

Achemwali a ku Ohio:
Ndikanamulola koma ndi malire. Zaka za masters zikatha popanda ntchito yolipidwa bwinobwino abwerere ku ofesi, digiri yachiwiri ali nayo m'manja osalipira. Ofesi sithawa, koma malo a graduate assistant sabwera kawiri kwa munthu amene wachoka mu baseball zaka zitatu.

Mphunzitsi wa masamu, Atlanta:
Amayi pa nkhani yoti alibe dzina lalikulu, Fetter si chitsanzo choyenera mwana wanuyo. Muuzeni awerenge za Wes Johnson. Ameneyo ku ligi yaikulu sanaseweleko, anayambira ukochi ku ma high school a ku Arkansas, nkudutsa ma koleji osatchuka mpaka Dallas Baptist, kenako Mississippi State, kenako Arkansas. A Minnesota Twins anamutenga kuchokera ku koleji konko kukayamba nawo 2019, mu 2022 sizoni ili pakati anawasiya kupita ku koleji ya LSU, 2023 anawina chikho cha ma koleji a mu America yense ali ndi Paul Skenes yemwe anasankhidwa nambala 1 mu draft, chaka chomwecho anapatsidwa u head coach ku koleji ya Georgia. Chinamukweza ndi kudziwa kayendedwe ka thupi ndi manambala a makina ngati TrackMan, mpira ukuzungulira bwanji, ukukhota mainchesi angati. Koma onaninso kuti zinamutengera zaka zambirimbiri asanayambe kumveka, ndipo pa Johnson mmodzi pali ambiri omwe anatopa nkukagulitsa inshuwalansi. China chomwe chasintha, mu 2023 NCAA, bungwe loyendetsa masewera a ma koleji, inachotsa udindo wa volunteer coach ku ma koleji akuluakulu a Division I nkulola wothandizira wachitatu wolipidwa, ndiye mipata ya malipiro yawonjezekako kusiyana ndi kale.

Malume a ku Texas:
Mwatchula anthu awiri mu America yense. Awiri.

Nesi wa ku Indianapolis:
Ine za mpira sindilowamo, ndingonena za ndalama. Ngati ngongole yake ndi ya federal, akakhala pa sukulu osachepera half time amaimitsa kaye kubweza, koma ija ya unsubsidized chiwongola dzanja chimapitirirabe kuwerengedwa ndiye muzidziwa. Pa inshuwalansi akhoza kukhala pa yanu mpaka zaka 26, koma imbani mufunse ngati ma dokotala a ku state akupitayo ali mu network, makamaka ndi chigongono chimenecho poti makochi nawo amaponya tsiku ndi tsiku pa practice.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse, ngakhale inu malume ndakumvani. Ndamuuza kuti asanavomere afunse zinthu zitatu ndipo mayankho abwere pa email osati pafoni. Fizi ya masters akulipira yonse kapena theka, head coach watsala ndi zaka zingati pa kontrakiti yake, komanso ma pitcher akhaladi m'manja mwake kapena akukangokhala wotchetcha bwalo ndi kuchapa ma yunifomu. Ku kampani kuja wapempha kuti amudikire mpaka Lachisanu la mawa ndipo avomera. Bambo ake sindinawauze kuti ndafunsa pagulu, ndiye azilamu ngati mwandizindikira chonde pakamwa.