Mpira wa K mu NFL: bwanji amasintha mpira pomenya ndi phazi?

Wakuntcheu:
Akuluakulu, ndithandizeni. M'masewero a NFL (ligi ya American football ku America), ikafika nthawi ya field goal (kumenya mpira ndi phazi kuti udutse pakati pa mizati ya golo) kapena punt (kuumenya ndi phazi kuti upite kutali kumbali ya timu inayo), woyimbira amaponya kunja mpira womwe amasewerera n'kulandira wina. Kodi ndi wosiyana kukula kapena kulemera? Bwanji osangomenya womwewo?

Chiphazi_Chamanzere:
Achimwene, mpira ndi umodzimodzi. Yonse imasokedwa ku fakitale ya Wilson ku Ada, Ohio, ndi chikopa cha ng'ombe cha ku Horween, mumzinda wa Chicago. Zidutswa za chikopa zinayi, chubu mkati, kutalika mainchi 11 mpaka 11.25, kulemera magalamu pafupifupi 400 mpaka 425, mpweya 12.5 mpaka 13.5 psi (muyezo wa mphamvu ya mpweya). Mpira womenya ndi phaziwo amangoudinda chilembo cha K (kicking). Kusiyana kwenikweni kuli pa amene waukonza ndi nthawi imene wapatsidwa.

Mpira wongotuluka m'bokosi ndi wouma ngati chigubu, nsonga zake zosongoka, misoko yolimba, pamwamba pali phula loterera. Ukaumenya sufwamphuka bwino pa phazi, ndipo suuluka patali. Wofewa pang'ono umabonyoka phazi likaukhudza, kenako n'kubwerera ndi mphamvu. N'chifukwa chake kale omenya ankaichita zosaneneka: kuiwotcha mu microwave, kuiika m'makina oumitsira zovala, kuiviika m'madzi, kuipopa mopyola muyezo kuti itupe. M'chaka cha 1999 ligi inati basi. Mipira 12 ya K inkachoka ku Wilson m'bokosi lomata kupita kwa oyimbira, ndipo ankaitsegula tsiku la masewero lomwelo.

Mlonda_wa_Mizati:
Akulu anenazo ndi zoona, koma lamulo lija linabweretsa vuto lake. Mpira wa K sukhudzidwa ndi phazi lokha. Long snapper (wosewera woyambitsa) amauponya chakumbuyo kudutsa pakati pa miyendo yake mayadi 7 kapena 8, holder (wogwirira womenya mpira) n'kuuwakha, kuuimika pansi, kuutembenuza kuti zingwe za pampirawo ziyang'ane kugolo, zonsezi m'sekondi imodzi ndi kanthu, pafupifupi 1.3. Tsono mpira watsopano woterera m'manja otere ndi ngozi. Mu January 2007, m'masewero achipulula ku Seattle, Tony Romo wa Dallas Cowboys, amene anali holder, mpira unamupulumuka m'manja pouimika, pa field goal ya mayadi 19 okha, ndipo timu yake inatuluka 21-20. Chaka chomwecho ligi inawonjezera nthawi yokonzera mipirayi kuchoka pa mphindi 20 kufika 45, n'kuyamba kuilemba manambala kuti woyamba uja udzigwirabe ntchito mpaka utatayika, m'malo motulutsa watsopano nthawi iliyonse.

Kakonzedwe kovomerezeka ndi aka. Mumayamba ndi thaulo lonyowa, kupukuta phula lonse mpaka thaulo lifiire ndi utoto wa chikopa. Ukauma mumakwecha ndi burashi mwamphamvu, makamaka mbali yopanda zingwe imene phazi limagunda, kuti timatuza ta chikopa tisalale. Kenako misoko: kuikanikiza ndi msana wa burashi kuti igonje. Pomaliza nsonga ziwiri zija, kuzitsindikira pa chinthu cholimba kuti zibulungike pang'ono. Apa m'pamene ambiri amafulumira, chonsecho nsonga yosongoka ndi imene imachititsa kuti mpira usakhazikike bwino pansi pa chala cha holder. Choletsedwa ndi kuumiza m'madzi, kuutenthetsa, kapena kuupotoza maonekedwe. Madzi akalowa m'chikopa mpira umalemera, ndipo woyimbira akauyeza n'kuukayikira amaukana.

Wakuntcheu:
Zikomo kwambiri akulu. Ndiye mpaka lero amakonzabe m'mphindi zochepazo?

Chiphazi_Chamanzere:
Ayi, zinasintha mu 2025. Tsopano timu iliyonse imalandira mipira 60 ya K sizoni isanayambe, imaikonza mkati mwa sabata mosathamanga, n'kupereka itatu kwa oyimbira tsiku la masewero. Mpira umodzi suloledwa kupitirira masewero atatu. Mu November 2025 Cam Little wa Jacksonville Jaguars anamenya field goal ya mayadi 68 ku Las Vegas, kuposa 66 ya Justin Tucker ya mu 2021. Ine ndikuona kuti lamulo latsopanoli n'labwino, chifukwa quarterback (woponya mpira ndi dzanja m'timu) wakhala akusewera ndi mpira wokonzedwa momwe akufunira kwa zaka zambiri. Komabe tisamati mpira wokha ndi umene wamenya mayadi 68. Bwalo la ku Las Vegas n'lofolera, mulibe mphepo, ndipo omenya a masiku ano ali ndi miyendo yamphamvu.

Mlonda_wa_Mizati:
Ziwiri zoti muziyang'ana poonera, achimwene. Timu ikanamizira punt n'kuponya ndi dzanja, woponyayo wagwira mpira wa K, wosalala kuposa wa quarterback, ndiye kuponya kwake kumavuta. Ndipo nthawi ikamatha, wotchi ikuyenda, timu ilibe timeout (mwayi woimitsa wotchi), oyimbira sadikira kusintha mpira: womenya amamenya wa quarterback womwe uli pabwalopo.

Kuzizira nakonso kumasokoneza. Mpira amauyezera m'chipinda chofunda, koma panja kukazizira ndi madigiri 10 Celsius kuposa m'chipindamo, mpweya umatsika pafupifupi 1 psi ndipo chikopa chimauma gwa. N'chifukwa chake ku Green Bay kapena ku Buffalo mu December mphunzitsi amayamba wafunsa womenya wake kuti lero afika mayadi angati asanamutumize pabwalo.