Wotchi ikungoti Unproductive, koma mwana akuthamanga bwinobwino

Kochi Mbewe, Senga Bay: Makochi anzanga thandizeni msanga, mutu wandiima. Mnyamata wanga wa 10K uja, wotchi yake ya Garmin Forerunner 255 yakakamira pa Unproductive, kutanthauza kuti sakupindula ndi training, chiyambireni mwezi uno. VO2 max, muyeso wa mpweya umene thupi limatha kugwiritsa ntchito pothamanga, yatsika kuchoka pa 61 kufika pa 58 pomwe load, kuchuluka kwa training, ili pa optimal, ma interval akumaliza onse, long run Loweruka mumsewu wa ku Salima sakuphonya. Chikundipweteka n'choti mwanayu akukhulupirira wotchi kuposa ine. Dzulo wabwera ati kochi tiwonjezere ma session, wotchi ikuti sindikupindula. Mpikisano uli pafupi. Ndimuonjezere, ndimupumitse, kapena chiwotchicho ndichiponye m'nyanja?

aGondwe: Max HR, malire a kugunda kwa mtima pa mphindi omwe munthu angafike, munaika yanji? Ngati simunaike nokha, wotchi imayambira pa 220 kuchotsa zaka za munthu. Mwana wa zaka 19 imupatsa 201, pomwe weniweni mwina amafika 208 kapena amathera pa 192. Nambala imeneyo ikalakwika, ma zone onse a kugunda kwa mtima apotoka, VO2 max yapotoka, status nayo yapotoka. Yambirani pamenepo.

Mayi Chisale, Nkhotakota: Bambo Mbewe, musaiwale kuti uno ndi Okutobala ndipo muli kunyanja. Wotchiyo siyeza mpweya, imangoyerekeza liwiro ndi kugunda kwa mtima. Kukatentha thupi limatumiza magazi ambiri kukhungu kuti lizizire, ndiye mtima umagunda kwambiri pa liwiro lomwe lija la mu Juni. Wotchi ikaona zimenezo imangoti mwana wafooka. Unproductive tanthauzo lake ndi lomwelo: load ili bwino koma fitness ikuoneka ngati ikutsika. 255 ili nayo heat acclimation, yoona mmene thupi lazolowerera kutentha, imayamba kuwerengera kutentha kukadutsa madigiri 22, koma za nyengozo imazitenga pafoni kudzera pa Garmin Connect. Foni ya mwanayo imakhala ndi bandulo? Akuthamanga nthawi yanji?

Kochi Mbewe: Foni yake ndi ya mabatani mayi. Sync timapangira pa yanga akabwera kunyumba. Kuthamanga ndi 4 koloko madzulo akaweruka kusukulu, m'mawa sizitheka.

Mayi Chisale: Ndiye basitu. 4 koloko ku Salima phula likadali moto. Wotchiyo sikudziwa n'komwe kuti kukutentha.

aGondwe: Kutentha kulipo chaka chilichonse mayi, ife tinabadwira momwemo. Max HR ikakhala yolondola zinazi n'zazing'ono. Mutengereni pachitunda, akwere katatu mwamphamvu, kachitatuko apereke zonse, muone nambala yomwe ituluke.

Achimwene Saidi: aGondwe, test imeneyo m'dzuwa lino, pa mwana yemwe sitikudziwa ngati ali bwino m'thupi? Ayi ndithu. Ine mbali yanga ndi yachipatala, ndiye ndilankhula zomwe ndimaona. Wothamanga wa kunyanja mtima ukayamba kukwera popanda chifukwa, musanakangane ndi wotchi kamuyezetseni malungo ndi magazi. Likodzo kuno ndi losasowa, ana amasamba m'nyanja tsiku ndi tsiku, ndipo limadya magazi pang'onopang'ono munthu osamva kanthu. Magazi akachepa mtima umathamanga kuti ukwanitse ntchito yomweyo. Kunali mtsikana wina wa timu ina, wa mamita 5000, wotchi inkamuuza Strained, aliyense n'kumati makina a azungu sadziwa za kuno. Anapitiriza mpaka anagwa pa track. Atamuyeza, HB, muyeso wa magazi uja, inali pansi zedi, season yonse inathera pompo. Nthawi zina wotchi imakhala ikunena zoona, kungoti siidziwa chifukwa chake. Bambo Mbewe, resting HR ya m'mawa, kugunda kwa mtima atapuma, ikuti bwanji? HRV status, yoona kusinthasintha kwa mipata ya kugunda kwa mtima usiku, ili pa balanced?

Kochi Mbewe: HRV palibe chikuoneka. Sagona nayo, amaopa kuti azibale ake aiseweretsa, amaitsekera m'chikwama.

Achimwene Saidi: Imafuna pafupifupi masabata atatu akugona nayo usiku kuti ipeze baseline. Popanda zimenezo mbali ya kupuma siikuiona bwino. Pakadali pano muuzeni aziwerenga yekha kugunda kwa mtima pakhosi akangodzuka, mphindi imodzi yathunthu, azilemba m'kope. Ikakwera masiku angapo otsatizana, osamuonjezera chilichonse, apite akayezetse.

Madala Kaunda: Ine zimandiseketsa. Anyamata onyamula katundu ku Mulanje aja amakwera phiri pa Porters Race ena opanda nsapato, anawauza ndani kuti ali Productive? Ife tinkaphunzitsa ndi stopwatch ya chingwe ndi maso basi. Mwana ukamuona akukoka miyendo pa warm up, sakuseka ndi anzake, nsima wasiya theka, umadziwa kuti lero apume. Chaka china kunabwera wotchi imodzi ya mphatso pa kalabu ina kuno, anyamata asanu n'kumabwerekana, lero uyu mawa uyo, muli zaka ndi sikelo ya kochi wawo wamimba uja. Inkawauza Peaking lero, mawa Overreaching, ana n'kumakangana kuti wamphamvu ndani. Mbewe mwana wanga, wotchiyo sabwereketsa?

Kochi Mbewe: Akuti ayi madala, koma ana awa simungawatsimikizire.

Mayi Chisale: Chinanso, mumawatengera pamchenga? Pamchenga liwiro limatsika, mtima uli m'mwamba, ndiye akajambula ngati Run wamba VO2 max imagwa nthawi yomweyo. Aziika pa Trail Run n'kuzimitsa kujambula VO2 max mu settings, load iziwerengedwa koma nambala ija isakhudzidwe. Komanso thukuta likachuluka wotchi imaterereka padzanja, kasensa kaja n'kuyamba kuwerenga masitepe m'malo mwa mtima. Mukaona HR ya easy run yangodumpha n'kukhazikika cha pa 175 kufanana ndi cadence, kuchuluka kwa masitepe pa mphindi, imeneyo si ya mtima. Amange pamwamba pa kafupa ka padzanja, molimbako.

aGondwe: Zonsezo zili bwino koma ndikubwerezanso, max HR. Mwakamba za dzuwa, mchenga, likodzo, palibe yemwe watsegula User Profile kuona nambala.

Achimwene Saidi: Bwana Gondwe, max HR yakhala yomweyo kuyambira Juni pomwe mwana anali pa 61. Chasintha mwezi uno n'chiyani? Si nambala imeneyo.

aGondwe: Auto detect ikakhala yoyatsa max HR imasintha yokha, makamaka sensa ikanama. Kaoneni kaye.

Mayi Chisale: Apo pokha aGondwe akunena zoona, izimitseni. Koma Bambo Mbewe, chilichonse chomwe mupeze, ma session musaonjezere chifukwa cha liwu limodzi la pa wotchi. Mwana akamva Unproductive n'kuyamba kuthamanga mobisa usiku, mudzamupeza ndi shin splints mpikisano usanafike. Ngati ikumusokoneza mutu, training status imatheka kuiimitsa, pali Pause. Mumuyese 3K time trial m'mawa kwambiri kusanatenthe, nthawi yomwe atulutse ndi imene mukambirane.

Madala Kaunda: Time trial, eya. Zimenezo ndiye za makochi.

Mphunzitsi Nkhoma: Pepani ndalowerera, alipo ali ndi lamba wa pachifuwa woyeza kugunda kwa mtima wogulitsa, kaya Polar H10 kaya HRM-Dual? Wanga batire ndasintha koma sakulumikizabe.

aGondwe: Nyowetsani ma electrode kaye musanavale. Mbewe, mwaiona nambala ija?

Mphunzitsi Nkhoma: Ndanyowetsa. Nanga chingwe chotchajira Garmin chimapezeka pa Kamuzu Road kapena mpaka ku Lilongwe?