Dzanja la abambo a ana langolendewera, tichite chiyani?

Membala wobisa dzina
Admin ndibiseni dzina chonde, abale akuchimuna ali momuno. Ndili ku Mabvuku, ku Harare. Abambo a ana ndi kalipentala, anagwa padenga akukhoma malata panyumba ina ku Borrowdale, mkono wamanja nkuthyoka pakati pa phewa ndi chigongono. Mwini nyumba anangotipatsa $40, mpaka lero foni sayankha, chonsecho dengalo anamaliza ndi anyamata amene abambo anawaphunzitsa okha ntchito. Pano akuti fupa lagwirana, koma dzanja langolendewera, kulidzutsa sangathe, hamala sangagwire, ngakhale mbamu ya nsima ndikuchita kuwaumbira. Apongozi ku Dedza akuimba tsiku ndi tsiku ati abwere akatemedwe mphini. Alamu anga aakazi akulengeza kuti ndine ndawalodza mchimwene wawo, iwo amene sanabwere ndi lalanje lomwe kuchipatala. Renti ikufunika pa 1, mwana wa Form 4 sanalipiridwe, ine 4 koloko m'mawa ndimakhala ndili ku Mbare kupikula tomato. Pa pharmacy ina anatigulitsa mavitamini a $18, palibe chasintha. Dzanjali lidzabwerera?

Physio wa ku Tafara
Pepani mayi. Anagwa tsiku liti? Dzanja linalendewera pomwepo kapena patapita nthawi? Panali bala lotseguka? Popanda zimenezi tonse tizingolosera.

Mkulu wa Labu
Imeneyo ndi radial nerve, musavutike. Si mtsempha wa magazi, ndi wa mauthenga, ndipo umazungulira kuseri kwa fupa lomwelo utalikumbatira, nchifukwa chake likathyoka pakati umavulala. Ndiwo umadzutsa dzanja povalira wotchi ndi kuwongola zala. Muyese: auzeni aimike chala chachikulu ngati akuimitsa lifiti, akanika. Khudzani kumbuyo kwa dzanja pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, pali dzanzi. Koma MVETSANI kaye mtsempha. M'kati mwake muli timaulusi masauzande totchedwa axon, ndipo tambiri tinakulungidwa ndi mafuta otchedwa myelin. Okulunga ake ndi maselo a Schwann. Mu 1943 Herbert Seddon anagawa kuvulala kwake patatu. Neurapraxia: myelin yokha yaphwanyika, ulusi uli bwino, munthu amachira m'masabata ochepa mpaka miyezi 3. Axonotmesis: ulusi waduka koma chikuto chakunja chilipo, umameranso wokha. Neurotmesis: zonse zaduka, popanda kusoka palibe chimene chingachitike. Mphini sizifika pamenepo.

Mwana wa Gule Mufakose
Ndiye kuti waya uli bwino, wapsa ndi pulasitiki? Nanga mungodikira, mwina magetsi a m'dzanjamo abwera 11 koloko usiku ngati akwathu kuno.

Mkulu wa Labu
Achimwene, fanizo la waya ndi limene limasocheretsa ana asukulu. Pulasitiki wa waya ndi wosadukiza. Myelin ili m'zigawozigawo, pakati pake pali timipata totchedwa nodes of Ranvier, uthenga umadumpha kuchoka pa mpata kupita pa wina. Ndicho chifukwa umathamanga mpaka mamita 120 pa sekondi, pamene ulusi wopanda myelin sudutsa mamita 2. Komanso waya ukaduka mbali yakutsogolo imangokhala. Mtsempha ayi. Augustus Waller anaona pa achule mu 1850 kuti mbali yodukayo imanyenyeka m'masiku ochepa. Maselo a Schwann amasiya ntchito yokulunga, amasesa zinyalala mothandizidwa ndi maselo oyera, kenako amandanda mzere ngati mzera wa chimanga kuti ulusi watsopano utsatire. Gulu la Kristjan Jessen ndi Rhona Mirsky ku London linasonyeza mu 2012 kuti chimene chimayatsa kusinthaku ndi puloteni yotchedwa c-Jun. Mbewa zopanda c-Jun m'maselo amenewa mitsempha yake siimera bwino.

Namwino wa ku Highfield
Mayiwa afunsa za amuna awo, inu mwafika pa achule ndi mbewa. Mayi, ayezeni shuga bambowo. Shuga wokwera amadya mitsempha ndipo amachedwetsa kuchira. Ngati amamwa metformin, mankhwala a shuga, kwa zaka, ayezetsenso vitamini B12, imatsika. Fodya asiye, mowa achepetse kwambiri. Ndipo apongoziwo muwauze mwaulemu kuti khungu la dzanzi silitemedwa, silithowedwa ndi madzi otentha, siliwothetsedwa pa mbaula. Amapsa osamva, bala nkukula.

Wa Mankhwala ku Avenues
Mavitamini a $18 aja werengani pabotolo. Ambiri ndi B1, B6 ndi B12 pamodzi. Amathandiza munthu amene akupereweradi, koma salumikiza mtsempha woduka. Choopsa ndi chakuti B6 wambiri kwa miyezi amawononga mitsempha yomweyo, mapazi nkuyamba dzanzi. Amene amafunikadi B6 ndi omwe akumwa isoniazid wa TB. Ngati mkono ukuotcha usiku, Panado sachita kanthu pa ululu wa mtsempha, dokotala angalembe amitriptyline wochepa womwa pogona. Osagula pa tebulo pamsewu.

Namwino wa ku Highfield
Mukudzudzula lero, koma ogulitsa mabotolowo osafunsa kanthu ndinu nomwe a ma pharmacy.

Wa Mankhwala ku Avenues
Nanga amene amalemba "vitamin B" pa khadi la wodwala aliyense wodandaula dzanzi ndani, achemwali?

Physio wa ku Tafara
Tsiku lija sindinayankhidwe. Pakadali pano chofunika ndi splint, ya cock-up, yogwira dzanja litadzuka pang'ono, madigiri 20 mpaka 30. Muona kuti mphamvu yofinya ibwerako pomwepo, poti minofu yopinda zala ili bwino, imangosowa potsamira. Kanayi pa tsiku vulani splint, ndi dzanja lanu dzutsani dzanja lawo, wongolani chala chilichonse, tambasulani chala chachikulu, kakhumi pa mfundo iliyonse, pang'onopang'ono. Mtsempha ukhoza kumera bwinobwino nkupeza mfundo zinauma kale, ntchito yonse nkupita pachabe. Ngati latupa, ligone pa pilo pamwamba pa chifuwa.

Mkulu wa Labu
Splint SIIMERETSA mtsempha, tinene zoona. Ulusi umamera milimita imodzi pa tsiku, masentimita 2.5 kapena 3 pa mwezi, palibe angauthamangitse ndi mafuta opaka. Tiyerekeze kuti kuchoka pothyoka kufika pa mnofu woyamba, brachioradialis, pali masentimita 12. Amenewo ndi masiku 120, onjezani pafupifupi mwezi woti uwoloke povulalapo. Dzanja limayamba kudzuka, zala pambuyo, chala chachikulu chimatsiriza. Myelin yatsopano imakhala yopyapyala, zigawo zake zazifupi, choncho liwiro silibwerera lonse. Komabe thokozani kuti ndi mkono. Mu msana ndi mu ubongo okulunga ndi ena, oligodendrocytes, ndipo myelin yawo imaletsa kumera. Samuel David ndi Albert Aguayo ku Montreal mu 1981 anatenga chidutswa cha mtsempha wa mwendo nkuchiika pa msana wa makoswe, ulusi wa msana unameramo. Kenako Martin Schwab ku Zurich anapeza choletsacho, chimene pano chimatchedwa Nogo.

Physio wa ku Tafara
Ndani wanena kuti splint imameretsa? Werengani musanayankhe, bambo.

Mwana wa Gule Mufakose
Makoswe afika. Tikudikira mphaka.

Mnyamata wa Gulf Complex
Nanga timakina togwedeza minofu ndi magetsi tija? Ndamva kuti sayansi inavomereza.

Mkulu wa Labu
AYI. Chimene gulu la Tessa Gordon ku Canada linapeza mu 2000 ndi magetsi ochepa a 20 Hz, ola limodzi lokha, oikidwa pa mtsempha weniweniwo nthawi ya opaleshoni. Si kamakina komata pakhungu. Mayi musataye renti.

Dokotala wa Mafupa Wopuma
Ambiri mwa ovulala motere, ngati khungu silinaboke, amachira okha, pafupifupi 7 mwa 10. Koma pali malire a nthawi. Mnofu ukakhala miyezi 12 mpaka 18 osalandira mtsempha, polumikizira pake pamafa. Choncho: pemphani kalata yopita ku kiliniki ya mafupa ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe. Funsani za EMG ndi nerve conduction, kuyeza ndi magetsi ngati minofu ndi mtsempha zikugwira ntchito. Isachitike masabata 3 asanakwane, imanamiza. Ibwerezedwe pa miyezi 3. Kunyumba gogodani ndi chala motsatira kunja kwa mkono, pamene amve ngati shoko yotsikira ku chala chachikulu lembani ndi bolopeni, yezani kuchokera pa chigongono. Mwezi wotsatira malowo akhale atatsika. Miyezi 4 kapena 6 ikadutsa kuli zii, atsegule. Angamasule mtsempha, angausoke, kapena kuikapo chigamba cha sural nerve ya kumwendo. Zikachedwa kwambiri, amasamutsa ma tendon, zingwe zolumikiza mnofu ku fupa, monga wa mnofu wa pronator teres kuti uzidzutsa dzanja, ndipo kalipentala amagwiranso hamala.

Membala wobisa dzina
Zikomo nonse ngakhale za achulezo sindinamve. Fodya sasuta. Apongozi atumiza kale mankhwala pa basi, ati ndikakana ndiye kuti ndikudziwapo kanthu. Chimandipweteka nchakuti ali m'chikhakha muja zala ankawongola bwinobwino, foni ankadina okha. Zinayamba atatuluka kumene anawaika chitsulo, ndalama yake ndinachita kukongola ku chipereganyu.

Dokotala wa Mafupa Wopuma
Chitsulo? Mayi, izi ndiye zoyamba kunena. Bwererani kwa amene anachita opaleshoniyo sabata ino, ndi makadi onse ndi X-ray. Afunseni ngati anauona mtsemphawo uli wathunthu, komanso ngati analemba kuti wadutsa pati pa chitsulocho. Nthawi zambiri umakhala unangokokeka ndipo umabwerera, koma ngati wapanidwa pansi pa chitsulo kapena wakhudzidwa ndi sikuluwu, kudikira kulibe phindu.

Mkulu wa Labu
Kukokeka kumeneko Sydney Sunderland anakufotokoza bwino, ndipo mu 1951 anawonjezera magulu a Seddon kufika pa 5. Ndiyambe ndi gulu lachitatu.

Physio wa ku Tafara
Mayi, opaleshoniyo inachitika mwezi uti?

Membala wobisa dzina
Inali sabata imene alamu anabwera kudzatenga firiji ija.