Ndithandizeni kudula mbuzi pa chithunzi

Moni nonse am'gulu muno, ndili ku Zomba. Kuntchito tili ndi mpikisano wosintha zithunzi moseketsa: atipatsa chithunzi cha mbuzi, aliyense achisinthe mmene angathere. Ine ndikufuna ndiikweze pa kabaza ikutsetsereka msewu wa Ku Chawe. Koma ndikaidula, m'mphepete mukumatsala mzere woyera, makamaka pandevu ndi panyanga, ndiye zikuonekeratu kuti ndangomata.

Ndayesa ma app aulere angapo pa foni ya Android, ndasunga chithunzicho ngati fayilo ya mtundu wa PNG m'malo mwa JPG, ndafufutanso ndi chala nditakulitsa chithunzicho, koma ubweya ukumadyeka. Kompyuta ndilibe, ndipo mpikisanowu tikutseka Lachisanu.

Kodi mzere umenewu mumauchotsa bwanji osawononga ubweya? Kapena alipo waku Chinamwali kapena Matawale angandionetse pamaso?