Shopu ya miyala ija tayala

Mwezi watha ndinafunsa za kayalidwe ka miyala ya granite ndi marble m'shopu yathu yatsopano ku Lilongwe. Zikomo nonse amene munayankha.

Tatsatira langizo lanu loimika miyala pa zitsulo zooneka ngati chilembo A n'kuimangirira. Granite wokhuthala masentimita 3 amalemera pafupifupi makilogalamu 80 pa sikweya mita, ndiye ndinkaopa kuti angagwere mwana wa kasitomala. Granite wakuda wa ku Mutoko, ku Zimbabwe, tamuika pafupi ndi zenera kuti dzuwa lizionetsa timadontho take. Mababu achikasu tachotsa, ankadetsa marble woyera.

Pakhomo pali kachidutswa ka marble kothiridwa madzi a mandimu, kuti ofuna mwala wa kukhitchini aone okha mmene amathimbirira. Ziliza taziika kuchipinda chamkati, anamfedwa azisankha mwabata.