Kafukufuku wa masters pa Google Forms ndi WhatsApp basi, zingatheke?

Nambewe22:
Abale thandizeni maganizo. Kafukufuku wanga ndi wa ma banki m'khonde, ndikufuna kudziwa kuti amayi ndalama zomwe amabwereka mmagulumu zimathera kuti. Ya transport yopitira kumudzi ndilibe ndiye ndimaganiza zongopanga mafunso pa Google Forms nkuponya link mma group a WhatsApp koma a supervisor akanitsitsa. Inu munapanga bwanji?

Kachepa_LL:
Chemwali a supervisor sakulakwa. Tangoganizani amene adzadine link yo ndi ndani, ndi munthu wa smartphone, ali ndi bandulo, amatha kuwerenga, ndiye kuti aziphunzitsi, manesi ndi anzanu omwe aku koleji. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 84 pa 100 aliwonse amakhala kumudzi, ndipo amayi ambiri a banki m'khonde foni yawo ndi kaja ka mabatani, mwinanso ndi ya abambo anyamuka nayo kumsika. Ku America mu 1936 magazini ya Literary Digest inalandira mayankho opitilira 2 miliyoni nkulengeza kuti pa chisankho cha pulezidenti Alf Landon awina, koma mayina ambiri anawatola mmabuku a manambala a foni ndi a eni galimoto, omwe ambiri anali anthu opeza bwino, mapeto ake mnzake wopikisana naye Franklin Roosevelt anawina kutalitali. Anthu 500 akhoza kukuyankhani koma nonse a mtauni.

mjomba_wa_ku_Mangochi:
Pitani konko koma pepala musiye, gwiritsani KoboToolbox. Mafunso mumapanga pa kompyuta, mumaika app yake ya KoboCollect pa foni ya Android, imagwira popanda netiweki ndipo mumazatumiza zonse mukafika pa trading centre. Power bank osaiwala. Chovuta chenicheni si foniyo ayi, ndi zomwe anthu amaganiza akaiona. Ine ndinkafunsa mayi wina ngati ali ndi ziweto, akuti ndilibe olo nkhuku mwanangu, uku mbuzi zitatu zamangidwa pamtengo wa mango kuseli kwake kuja zikulira. Ankayesa ndikulemba mayina a Mtukula Pakhomo. Ndiye yambani mwakaonekera kwa amfumu, ndipo muzinena poyambilira penipeni kuti ine ndine mwana wasukulu palibe cholandira, ena anyamuka pomwepo koma otsalawo akuuzani zoona.

Dr_osati_wachipatala:
Onjezani nkhani ya chilolezo. Kukhala mu group ya WhatsApp sikukupatsani ufulu wotenga zomwe anthu akukamba nkuziika mu thesis, anthu aja amalankhula ngati ali pakhonde pawo, komanso mukapanga export chat mayina kapena manambala awo amatuluka pamodzi ndi mauthenga. Pezani kaye approval ku komiti ya ethics ya sukulu yanu kapena ku NCST (bungwe la boma loyang'anira za sayansi ndi kafukufuku), panonso tili ndi Data Protection Act ya 2024. Zotenga ma post a pa Facebook ndi X musadalire, X inayamba kulipilitsa API (njira yokokera ma post ambiri pakamodzi) mu 2023, Meta, eni ake a Facebook, inatseka CrowdTangle (chida chomwe ofufuza ankatsatira nacho ma post) mu August 2024. Ma voice note a Chichewa konzekerani kuwalemba pamanja, timapulogalamu ta transcription timangolemba zamutu makamaka munthu akamasakaniza ndi Chiyao.

Nambewe22:
Eee ndamva zikomo nonse. Nanga kungowaimbira foni? Airtime ndi yotchipa kusiyana ndi minibasi

Kachepa_LL:
Zimatheka, NSO (ofesi ya boma ya kalembera) ndi World Bank anapanga choncho nthawi ya Covid mu 2020, koma iwo manambala anali nawo kale a mabanja omwe anawayendera mu 2019. Inu mungawatenge kwa tcheya wa gulu, vuto lake akupatsani anzake obweza bwino ngongole, amene anathawa nayo simuwamva. Ndiye pafoni mayi sanganene momasuka za ndalama abambo ali pompo akumvetsera. Ine ndikadasankha magulu ochepa apafupi, kupita tsiku lomwe amakumana, foni ikhale yongofunsira zomwe mwaiwala.