Kodi yankho la Mulungu lingabwere kudzera m'maliro?

Admin chonde ndibiseni dzina, anthu a ku tchalitchi kwathu ambiri ali muno.

Ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala ku Chilobwe. Ndinakwatiwa 2016 ndipo mpaka lero sindinagwirepo mwana wanga wanga. Kupemphera ndapemphera abale, kusala kudya masiku 21, kukwera phiri la Soche usiku ndi amayi anzanga mpaka mawondo kuchita zipsera, kwa mneneri winanso ndinapita ndinabzala mbewu ndalama yomwe ndimati ndionjezere geni yanga ya kaunjika, anati pofika Disembala ndidzakhala ndikuyamwitsa koma ma Disembala adutsa anayi. Apongozi anandiuzapo za asing'anga ndinakana, amuna anga sanandinyozepo ayi koma ndimawaona mmene amayang'anira ana a anzawo.

Nkhani yanga ili apa. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 matope ndi miyala zitatsika m'phiri muja, mng'ono wanga anapita pamodzi ndi amuna ake, kamwana kawo kokha ka zaka ziwiri ndi kamene kanapulumuka chifukwa usiku umenewo kanagona kwa ine. Ndikukalera ndipo kamandiitana amayi. Ndiye anthu kumapemphero angoti mwaona, Mulungu wakuyankhani, mwana ndi ameneyu, lekani kulira. Mawu amenewa amandibaya. Ndiye kuti Mulungu anapha mng'ono wanga kuti ine ndipeze mwana? Ine sindinapemphe zimenezo. Ndipo ndikagwada kupemphanso mwana wobereka ndekha ndimadzimva ngati wosayamika. Ndipitirize kupempha kapena ndisiye? Mumadziwa bwanji kuti apa Mulungu wati dikira, apa wati ayi?

Wa ku Bangwe: Pepani mayi. Hana naye analira zaka zambiri Penina akumuseka, mapeto ake anabereka Samueli. Abrahamu analonjezedwa ali ndi zaka 75, Isake anabadwa iye ali ndi 100. Inu zaka 34 mwatopa kale? Limbikirani basi.

Wa ku Machinjiri: Penanso pamakhala zakumtundu, mufufuze ngati kwanu kulibe maguwa ofunika kuphwanya.

Mkulu wa mpingo, Zingwangwa: A ku Machinjiri tiyeni tizisamala, mayiwa ataya kale ndalama ndi nkhani ngati zomwezo. Mayi, ine sindingakuuzeni kuti mwanayo ndi yankho la pemphero lanu, ndipo amene akukuuzani choncho akulankhula zomwe Mulungu sanawauze. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 omwe anakhala chete aja, atangoyamba kufotokoza chifukwa chimene Yobu akuvutikira ndi pomwe analakwa, ndipo kumapeto Mulungu anawakwiyira iwowo osati Yobu amene amadandaula. Imfa ya mng'ono wanu ndi maliro, ilireni ngati maliro. Kulera mwana wake ndi chikondi chanu. Kupempha wanu ndi nkhani inanso payokha, musalole anthu azimange mtolo umodzi.

Za dikira ndi ayi, chomwe ndimaona m'Baibulo n'chakuti ayi wa Mulungu amamveka. Paulo anapempha katatu kuti munga uja unali m'thupi mwake uchoke, anauzidwa kuti chisomo chikumukwanira, 2 Akorinto 12. Mose anapempha kuti awoloke Yorodano akaone dziko, anauzidwa kuti basi usandiuzenso nkhani imeneyi, Deuteronomo 3. Onsewa anasiya atamva, sanasiye chifukwa anthu awauza kuti akuchulutsa. Ngati inu simunamve choncho mumtima mwanu palibe tchimo kupitiriza. Yesu mwini ku Getsemane anabwereza pemphero limodzimodzi katatu, akuwonjezera kuti kufuna kwa Atate kuchitike.

Nesi wina: Funso langa ndi loti kuchipatala munapitako nonse awiri? Chifukwa amayi ambiri amasala kudya okha, kumwa mafuta odzoza okha, pomwe vuto nthawi zina limakhala kwa bambo, kuyeza kwa abambo ndi kosavutanso kuposa kwathu. Kwa amayi amaona ngati machubu ali otseguka komanso ngati mazira akutuluka bwino mwezi ndi mwezi. Zina zimatheka kuthandizidwa, ndipo zaka zikamakwera mwayi umachepa ndiye musachedwe. Kupita kwa dokotala si kuchepa chikhulupiriro, Luka yemwe uja anali dokotala.

Wa ku Chirimba: Ine ndinapempherera amayi anga miyezi 8 anamwalirabe, ndinakhala chaka osaponda ku tchalitchi. Sindinamvetsebe mpaka pano koma ndinabwerera. Mavesi ndilibe, ndangoti mudziwe kuti tilipo ambiri.

Mwini nkhani: Zikomo nonse, ndawerenga ndikulira mu minibasi mpaka kondakitala kundifunsa ngati ndaferedwa. A mkulu a mpingo, palibe amene anandiuzapo kuti ndikhoza kumulira mng'ono wanga popanda kuthokoza nthawi yomweyo. A nesi, kuchipatala ndinapita ndekha 2019 anandijambula anati sakuona vuto, abambo akunyumba sanapiteko, nkhaniyo ndikaiyamba amangotuluka panja kukakonza njinga yomwe ili bwinobwino. Ndiye azibambo muli muno ndithandizeni, ndiwayambe bwanji kuti asamve ngati ndikuwaloza chala?